Mapiritsi Amene a Larbi Ankaponya Pamoto

M'mawa wina m'nyengo yozizira, a Larbi analephera kuvala mkanjo wawo. Anaukweza mpaka pachifuwa, koma mikono inakana kupitirira pamenepo. Mapewa anali atauma gwa, khosi silinkatembenuka, ndipo m'chiuno munkaphwanya ngati achita kumenyedwa. Anakhala pamphepete pa bedi kudikira kuti thupi limasuke, ndipo linamasuka patatha ola lathunthu.

Silinali tsiku loyamba. Vutoli linali litatha milungu isanu, ndipo linkakulirakulira.

"Larbi, mpaka liti?" anafunsa akazi awo, a Zohra, akuwathandiza kuvala. "Dzulo ndakuvekani nsapato, lero mkanjo. Mawa ndidzakudyetsani ngati khanda?"

"Ndi kuzizira chabe uku, Zohra. Ndikafika pamoto zimatha."

"Moto umenewo mwakhala nawo zaka makumi anayi. Ukanakhala mankhwala, bwenzi muli dokotala inuyo."

A Larbi anali ndi zaka makumi asanu ndi limodzi kudza zisanu ndi ziwiri, ndipo uvuni wa m'dera lathu ku Sefrou unali wawo. Anausiyiridwa ndi bambo awo. Amayi a m'deralo akakanda ufa kunyumba, amauika pathabwa, n'kufunditsa kansalu, ulendo kwa a Larbi. A Larbiwo amaima m'dzenje la kutsogolo kwa moto, n'kumalowetsa ndi kutulutsa buledi ndi mtengo wautali wophwathalala kumutu. Sankasokoneza buledi wa nyumba ina ndi wa ina, ngakhale mathabwa atachuluka bwanji. Koma ntchito yonseyi ndi ya mapewa, ndipo a Larbi ankadziwa kuti mapewa akatha, uvuninso watha.

Mwana wawo wamkazi, Nawal, yemwe ankaphunzitsa sukulu ku Fes, sanafune kumva zambiri. Anabwera Loweruka, n'kuwatengera kwa dokotala Ilham, katswiri wa matenda a mafupa ndi minofu. Dokotalayo anawapima, anawatenga magazi, ndipo zotsatira zitatuluka anawakhazika pansi.

"Si Larbi, matenda anu dzina lake ndi polimayalijiya rumatika," anatero dokotalayo, poti kwathu kuno "Si" ndi mawu aulemu ngati kunena kuti bambo.

"Lonselo ndi dzina limodzi, adokotala? Ndiye ndafa kale ine."

Dokotala anaseka. "Simunafe. Ndi mtundu wina wa nyamakazi umene umagwira anthu opitirira zaka makumi asanu. Umaumitsa mapewa, khosi ndi chiuno, makamaka m'mawa. Ndikupatsani mapiritsi a kotizoni. Pakangopita masiku ochepa mudzamva ngati mnyamata. Koma mvetsani bwino: kumva bwino si kuchira. Ambiri amamwa mankhwalawa chaka chimodzi kapena ziwiri, ena kupitirira apo. Tizichepetsa pang'onopang'ono, ine ndi inu. Musadzasiye panokha."

Pakatoni ya mankhwalawo analembapo kuti: m'mawa uliwonse, mutadya chakudya cham'mawa.

A Larbi anagwedeza mutu ngati amva zonse. Koma zoona zake n'zakuti anangomva mawu oti "mudzamva ngati mnyamata". Zotsalazo zinalowa khutu ili n'kutulukira linali, monga zimachitikira amuna ambiri akakhala pamaso pa dokotala.

Ndipotu dokotala sananame. Tsiku lachitatu a Larbi anadzuka okha, anavala okha, n'kukweza manja m'mwamba mpaka kukhudza pamwamba pa chitseko. A Zohra analira ndi chimwemwe. Mlungu usanathe anali atabwerera m'dzenje lawo, mtengo uli m'manja.

Miyezi inkapita, ndipo dokotala ankachepetsa mankhwala pang'ono ulendo uliwonse. Koma mapiritsi aja anabwera ndi zawo. Njala inkawapweteka a Larbi nthawi zonse, masaya anafufuma, ndipo kamimba kanayamba kutsogola. Amayi a m'dera lathu sasunga mawu m'kamwa.

"Si Larbi, kodi mukumabenthula buledi wathu? Taonani masayawo!"

"Buledi wanu wopanda mcherewu ndani angamube?" iwo ankabweza choncho, akuseka. Koma mumtima zinkawawawa.

Chimene chinkawasowetsa mtendere kwambiri chinali Nawal. Iye anali atapeza munthu wofuna kusandutsa malo a uvuniwo kukhala sitolo ya mafoni.

"Baba, mwagwira ntchito mokwanira," anatero tsiku lina. "Tsekani uvuni, inu ndi amayi mubwere mudzakhale nafe ku Fes."

"Ndikakhale pansanjika yachinayi, ndizikaonera magalimoto pawindo? Bola mundiike m'manda ndili moyo."

"Chabwino. Koma tigwirizane pano. Mukadzangodwalanso kamodzi kokha, tikutseka. Sindikufuna kudzamva kuti mwagwera pamoto."

"Ndavomera," anatero a Larbi mosavuta, poti ankadziona kuti achira.

Patatha miyezi isanu ndi iwiri chiyambireni mankhwala, mwezi wa Ramadani unaoneka. A Larbi anali asanaphonyepo tsiku la kusala chiyambire ali ndi zaka khumi ndi zitatu. Anatenga katoni ija n'kuwerenganso: m'mawa uliwonse, mutadya chakudya cham'mawa. Anaganiza motere: "Mu Ramadani mulibe chakudya cham'mawa. Dzuwa likatuluka, kukhosi sikudutsa kanthu, ngakhale piritsi. Ndiponso ine ndili bwinobwino. Ndiyambe ndapuma mwezi uno, mwina masayawa aphwa." Tsiku lokaonana ndi dokotala linali Idi itapita, ndipo sanaone chifukwa chomuvutitsira ndi funso laling'ono ngati limeneli.

Vuto linali a Zohra, amene ankayang'ana m'katoni tsiku lililonse. Choncho a Larbi anapeza nzeru, ngati tingaitchule nzeru. Ankachotsa mapiritsi a tsikulo, kuika m'thumba, ndipo akafika ku uvuni ankawaponya pamoto. A Zohra akaona kuti mapiritsi akuchepa, mtima wawo unkakhala m'malo.

Tsiku loyamba linadutsa bwino. Lachiwiri anatopa modabwitsa, koma anati ndi mmene kusala kumayambira. Lachitatu dzuwa litalowa, anangodya chipatso chimodzi cha tende, supu wa harira n'kumukankhira kutali chifukwa cha nseru. Lachinayi anadzuka mapewa atauma ngati kale, miyendo ikunjenjemera. Anadzilimbitsa, n'kutuluka a Zohra asanaone kanthu.

Masana a tsikulo uvuni unadzaza, poti nyumba iliyonse inkafuna buledi wotentha womasulira kusala. A Larbi analowetsa buledi khumi ndi awiri. Nthawi yotulutsa itakwana, anagwira mtengo uja, koma mikono inakana. Anayesanso. M'maso munada bii, m'makutu munalira, ndipo anatsetsereka n'kukhala pansi m'dzenjemo, mutu utatsamira khoma. Fungo la buledi wopserera linadzaza m'nyumbamo.

Nthawi yomweyo analowa Hajja Rkia atasenza thabwa lawo. Hajja anali mayi wamkulu wa nyumba yoyandikana ndi ya a Larbi, wa mawu omveka makwalala atatu, ndipo anali atamwa kotizoni zaka zambiri chifukwa cha mphumu. Anaika thabwa pansi, n'kuwayang'anitsitsa a Larbi kumaso.

"Si Larbi, mapiritsi anu mwamwa liti komaliza?"

A Larbi anayang'ana kumbali.

"Ndikufunsa inu! Liti?"

"Ramadani isanayambe, Hajja," anayankha motsitsa mawu.

"Mulungu wanga! Mwamuna wamkulu, ndevu zoyera mbuu, nzeru za mwana! Mankhwala amenewa sasiyidwa choncho. Inenso ndinachitapo zopusa zomwezi, ndinatsala pang'ono kupita. Anthu inu, thamangani kuno!"

M'makwalala athu galimoto sililowa. Amuna awiri anawanyamula a Larbi n'kuwagoneka pangolo yokankha imene imabweretsa nkhuni, n'kuthamanga nawo kupita kuchipata cha mzinda kumene kumaima matakisi. Hajja ankatsatira pambuyo, botolo la madzi lili m'manja.

"Imwani madzi awa."

"Dzuwa silinalowe, Hajja."

"Amene analamula kusala ndi yemweyo anapereka chilolezo kwa odwala. Inu mukufuna kumuposa chifundo? Imwani!"

A Larbi anamwa, misozi ili m'maso. Sinali misozi ya ululu. Ankaganizira za pangano lawo ndi Nawal.

Kuchipatala anapeza kuti magazi awo akuyenda mofooka kwambiri. Hajja atafotokoza za mankhwala aja, anamwino sanachedwe: anawabaya jakisoni wa kotizoni n'kuwaika dilipi. Pofika m'mawa mwake a Larbi anali atatsitsimuka, ndipo atatsegula maso anaona a Zohra ndi Nawal atakhala pambali pa bedi.

"Ndiye mapiritsi mumadyetsa moto?" anatero a Zohra. "Ine n'kumayamika Mulungu kuti amuna anga ndi omvera!"

Nawal sanakalipe, ndipo zimenezo zinali zoopsa kuposa kukalipa. "Baba, tinagwirizana. Mawa ndikumuimbira munthu wa mafoni uja."

A Larbi anadziwa kuti mlandu unali wawo ndithu.

Atatuluka m'chipatala, onse atatu anapita kwa dokotala Ilham. Dokotalayo anamvetsera nkhani yonse, mpaka ya kuponya mapiritsi pamoto, kenako anatenga pepala n'kujambula impso ziwiri, iliyonse ili ndi kachipewa pamwamba.

"Si Larbi, tiziwalo iti timapanga madzi ofanana ndi kotizoni, ndipo thupi silingakhale moyo popanda madzi amenewo. Munthu akamwa mapiritsi kwa nthawi yaitali, tiziwaloti timaona kuti ntchito yatha, ndiye timagona. Mukasiya mapiritsi mwadzidzidzi, thupi limatsala lopanda kanthu: mapiritsi palibe, tiziwalo tili m'tulo. N'zimene zinakugwetsani. Ena amafa nazo. N'chifukwa chake timachepetsa pang'onopang'ono, kuti tiziwaloto tidzuke bwinobwino."

A Larbi anayang'anitsitsa chojambulacho. "Uvuni ukazima miyezi ingapo," anatero, "sitiuyatsa ndi moto waukulu tsiku limodzi. Umang'aluka. Timayamba ndi tinkhuni tochepa, masiku angapo."

"Basitu, mwamvetsa. Nanga bwanji simunandifunse za Ramadani?"

"Ndinaona ngati ndi funso lachibwana."

"Nanenso ndinayenera kuiyambitsa nkhaniyo ndekha, ndipo ndikupepesa. Yankho lake linali lapafupi. Mapiritsi anu ndi a kamodzi patsiku. Mukanamamwa pa daku, mutadya chakudya cha usiku chija, m'bandakucha usanafike, ndipo kusala kwanu kukanakhala kwathunthu."

A Larbi anagwira pakamwa. Mavuto onsewa, ngolo ya nkhuni, buledi wa eni ake khumi ndi awiri, chifukwa cha funso limodzi limene sanafunse! Anachita manyazi kwambiri.

"Mlungu uno musasale," anapitiriza dokotala. "Mudzabweza masikuwo m'tsogolo. Ndakukwezerani mankhwala pang'ono chifukwa matenda adzukanso. Mlungu wamawa tikapima shuga ndi kuthamanga kwa magazi, n'kupeza kuti zili bwino, mudzapitiriza kusala. Si onse amene ndimawalola, ena ndimawaletsa ndithu. Aliyense ndi thupi lake."

Apa Nawal analowererapo. "Adokotala, auzeni asiye ntchito. Ine sakundimvera."

"Zimenezo ndi za m'banja mwanu, mwana wanga. Ine ndinganene za thupi lokha. Matendawa saletsa munthu kugwira ntchito. Ndipo mankhwalawa amafooketsa mafupa, choncho munthu woyendayenda ali bwino kuposa wongokhala pampando. Chimene chinawagwetsa bambo ako si uvuni, ndi kusiya mankhwala. Angosiya kunyamula mitolo ya nkhuni, azimwa madzi okwanira dzuwa likalowa, ndipo akatopa azipuma."

Pobwerera kunyumba anapeza Hajja Rkia atakhala pakhomo ndi amayi ena anayi. Mbiri ya sitolo ya mafoni inali itawanda kale.

"Nawal, mwana wanga, tamva kuti ukufuna kutitsekera uvuni," anatero Hajja. "Tiuze, makeke a Idi tikaphikira m'foni?"

"Hajja, ine ndikufuna bambo anga amoyo."

"Ifenso tikuwafuna amoyo. Akafa atiphikira ndani? Mankhwalawo awamwe pamaso pa mayi ako, atsegule kukamwa aone kuti ameza. Akachitanso zopusa, ine ndemwe ndidzakuthandiza kukhoma chitseko."

A Larbi anamugwira dzanja mwana wawo. Chibadwire anali asanamupemphepo kanthu. "Nawal, ndinalakwa. Sindikukana. Koma undipatse mpata umodzi. Sindidzaphonya piritsi, sindidzaphonya tsiku la dokotala, sindidzabisanso kanthu."

"Sindikumuimbira munthu uja," anatero Nawal. "Koma nambala yake sindifufuta mpaka tsiku limene dokotala adzanene yekha kuti mwamaliza."

Patatha masiku asanu ndi atatu a Larbi anabwerera m'dzenje lawo, ndipo dokotala anawalola kusala. Mlungu womaliza wa Ramadani ndiwo umayesa wophika buledi, chifukwa nyumba iliyonse imatumiza mathireyi a makeke a Idi, ndipo mayi aliyense amakhulupirira kuti ake ndiwo ofunika kuposa onse. Mathireyi anafola mpaka panja. A Larbi anaphika masiku asanu, amuna a m'deralo akusinthana kuwabweretsera nkhuni, ndipo sipanapserere keke ngakhale imodzi. Hajja anafufuza thireyi lawo mbali zonse kufuna cholakwika, koma sanachipeze, ndipo anachoka akung'ung'udza.

Koma nkhondo yeniyeni inali isanathe, ndipo inali yotopetsa chifukwa inalibe oonerera. Inali ya tsiku ndi tsiku. A Larbi ankayenda ndi kakhadi m'thumba kosonyeza kuti amamwa kotizoni, kuti akadzadwala mwadzidzidzi achipatala adzadziwe msanga. A Zohra anachepetsa mchere m'ndiwo. Anawonjezera mkaka, chambiko ndi nsomba zazing'ono zodya ndi minga yomwe, ndipo dokotala anaperekanso mapiritsi olimbitsa mafupa. Chimene chinavuta kwambiri chinali tiyi. Munthu amene wamwa tiyi wa shuga wambiri moyo wake wonse, kumupatsa wa kashuga kochepa ndi kumuyamba dala.

"Awa ndi madzi otsukira makapu, Zohra."

"Imwani choncho. Mukufuna tiwonjezere matenda a shuga pa dzina lalitali lija?"

Madzulo ankayenda wapansi mpaka kumtsinje n'kubwerera. Miyezi itatu iliyonse ankapita kukapimitsa magazi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi, ndipo kamodzi anakapimitsa maso. Dokotala anawachenjezanso za chinthu china: akadzamva mutu wachilendo m'mbali mwa mphumi, kapena nsagwada kupweteka potafuna, kapena maso kuchita chidima, adzathamangire kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa matendawa ali ndi m'bale wake amene amatha kuchititsa khungu. Mwamwayi zimenezi sizinawaonekere.

Chaka chitatha ndi miyezi iwiri, mankhwala atatsika kwambiri, mapewa anayambanso kuuma m'mawa. Apa m'pamene panali mayeso aakulu. A Larbi anadziwa kuti akanena, mankhwala akwezedwanso, ndipo Nawal amva. Anakhala pabedi akulimbana ndi maganizo obisa. Kenako anaitana.

"Zohra, zayambanso. Muimbire Nawal, umuuze ndikupita kwa dokotala."

Dokotala Ilham sanadabwe. "Zimachitika kwa anthu ambiri, Si Larbi. Si kulephera kwanu. Tibwerera pamlingo umene munali bwino, tikhalepo pang'ono, kenako titsikenso mwapang'onopang'ono kuposa kale."

"Ndiye zidzatha liti, adokotala? Munati chaka chimodzi kapena ziwiri."

"Ndinatinso ena amapitirira. Tsiku sindingakulonjezeni. Chimene ndingakuuzeni n'chakuti kwa anthu ambiri matendawa amatha, ndipo wothamanga ndi amene amachedwa kufika."

A Larbi anatuluka atakhumudwa. Koma m'mawa mwake anamwa mapiritsi awo. Nawal atamva kuti bambo ake ananena okha, osadikira kugwa, sanatchule n'komwe za kutseka uvuni.

Ramadani yachiwiri isanafike, a Larbi anapita kwa dokotala kudakali mwezi wathunthu, mafunso atalemba papepala. Anasala mwezi wonse popanda vuto. Yachitatunso anachita chimodzimodzi. Mlingo unkatsika pang'onopang'ono, masaya anaphwa, mkanjo unayambanso kukwana, mpaka anatsala akumwa kapiritsi kamodzi kakang'ono.

Patatha zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu chiyambireni mankhwala, dokotala Ilham anayang'ana zotsatira za magazi, anawauza a Larbi kuti akweze manja, atembenuze khosi, adzuke pampando osagwira kanthu. Kenako anatseka faelo.

"Si Larbi, mwamaliza. Kuyambira mawa palibenso mapiritsi. Kakhadi kaja musungebe chaka chimodzi, ndipo mukadwala kwambiri kapena mapewa akaumanso, mubwere msanga. Koma lero pitani mukasangalale."

A Larbi anaimirira, anakhalanso pansi, n'kuimiriranso. Nawal, amene anabwera nawo tsikulo, anatulutsa foni yake, anafufuza nambala ya munthu wa sitolo uja, n'kupereka foniyo kwa bambo ake.

"Fufutani nokha, Baba."

Iwo sankadziwa podina, moti anachita kulozeredwa kawiri. Koma anafufuta ndi chala chawo.

Atafika ku Sefrou, a Zohra anaimba nthungululu pakhomo mpaka mawindo a anthu anatseguka. Tsiku lotsatira a Larbi anaphika buledi wa dera lonse osalandira kanthu, ndipo aliyense wolowa ankamuuza nkhaniyi, kaya wafunsa kaya sanafunse. Bambo wina wosoka nsapato, amene anali atangoyamba kumene kotizoni, anadandaula kuti mankhwalawo amutopetsa ndipo akuganiza zosiya. A Larbi anatsamiritsa mtengo wawo kukhoma n'kutuluka m'dzenje.

"Tamvera kuno, m'bale wanga. Ine ndinasiya masiku anayi okha, ndipo ndinatuluka muno pangolo ya nkhuni. Matendawa ndi a nthawi yaitali, koma amatha. Ukayamba kumva bwino usaganize kuti wachira. Mankhwala a kotizoni sasiyidwa mwadzidzidzi, amachepetsedwa pang'onopang'ono, ndipo wochepetsa ndi dokotala, osati iwe. Kukabwera kusala, ulendo, kapena chilichonse chosokoneza nthawi yomwera, pita ukafunse kudakali nthawi. Zikabwerera usabise. Ine ndinapirira zaka ziwiri ndi miyezi isanu ndi itatu, ndipo taona, moto wa bambo anga ukuyakabe."